Tizingwe Tofiira M'dambo la Chikande

Kuno ku Mwambo chinsinsi chili ngati matemba: ungamange thumba bwanji, fungo limakuulula ndithu. Rachel anali ndi chinsinsi chimodzi chokha, ndipo sichinali cha mwamuna wina ayi, ngakhale amiseche akanakonda chitakhala chomwecho.

Wapamtima wake anali mmodzi, Rajabu, mnyamata wa ku Kachulu wonyamula nsomba pa njinga yamoto kupita nazo ku Zomba. Chikole anali atapereka kale, mpango wobiriwira, ndipo Loweruka likudzalo mjomba wake, mlongo wa mayi ake, ankayembekezeka kukagogoda kwa a Fanuelo, amalume a Rachel, amene anamulera mayi ake atamwalira. Koma njira sinali yosalala. Rachel ndi wa ku tchalitchi, Rajabu wa ku mzikiti, ndipo mayi a Rajabu, a Mwanabibi, anavomera za ukwatiwu monga mmene munthu amamezera kwinini. Mtima wawo unali pa Latifa, mwana wa mnansi wawo, amene ankawathandiza kusinja ndi kuphika chikande chogulitsa pa doko.

Pa chikande pomwepo ndi pamene panagona nkhani. Kuseri kwa phiri la Mpyupyu kuli kadambo kobisika ndi tsekera kumene malemu mayi a Rachel ankakumba chikande. Iwo ankakumba mwaulemu, kutenga kambatata kamodzi, kusiya kanzake, n'kukwirira bwino. Madambo ena onse anatha, ena ndi makasu a ogulitsa, ena ndi minda ya mpunga. Kanatsala komweka. Chaka chathachi mayi wina wophunzitsa za zomera ku koleji ya ku Zomba anamuonetsa Rachel kafesedwe ka njere za chikande. Rachel anasokera njerezo m'timatumba ta neti yosalala, tochepa ngati bokosi la machesi, n'kutikwirira m'mbali mwa zomera za mayi ake. Kathumba kalikonse anakamangirira kachingwe kofiira kotulukira pamwamba kuti asadzasokere pokafukula.

Rajabu sanamuuze. Mnyamatayo anali wamtima wabwino, koma pakamwa pake panali ngati lichero lobooka, ndipo mayi ake ankagula chikande kwa aliyense wobwera ndi thumba, osafunsa kumene chachokera.

*

Madzulo ena anakumana pa mlatho wa Likangala, mpunga wa mu sikimu utayamba kuweramitsa ngala.

"Dzulo m'mawa ndinadzera kwanu," anatero Rajabu akupukuta galasi la njinga ndi mkono wa malaya. "Amalume ako anati wapita ku nkhuni. Koma iwe, ndi nkhuni zanji zobwerera nazo chimanjamanja, matope mpaka m'mawondo?"

"Wayamba liti kuwerenga matope a m'miyendo mwanga?"

"Kuyambira tsiku lomwe ndinaiona miyendoyo."

Rachel anaseka namumenya ndi nsonga ya mpango. Kenako anayang'ana madzi a mumtsinje.

"Ndidzakuuza, Raja. Mvula ikangotha ndidzakutengera komweko ukaone wekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine za nkhono ayi. Ndikufuna mkazi amene ndikudziwa kumene walowera."

Ananena akuseka, koma kusekako sikunafike m'maso. Nthawi yomweyo Latifa anadutsa pa mlathowo akukankha njinga yakapalasa, beseni la chikande lili pa kaliyala. Anachedwetsa mapazi mokwanira kuti makutu atole zonse.

"Mwaswera, alamu?" anatero kwa Rachel, mawu okoma ngati uchi wothira pa mpeni. "Che Rajabu, amayi akuti musachedwe."

Atapitirira, Rachel anati, "Mtsikana uyu akandipatsa moni ndimamva kuzizira."

"Nsanje basi," anayankha Rajabu. Amuna nkhani zotere amazipeputsa mpaka zitawagwera.

*

Latifa analibe ulesi pa zinthu za eni. M'mawa mwake anamutsata Rachel chapatali, kudutsa m'minda ya chimanga, kulambalala phiri, mpaka mu tsekera muja. Anabisala, naona Rachel atagwada, akusisita dothi ndi zala, milomo ikuyenda ngati akulankhula ndi munthu. Rachel ankalankhuladi. Ankawauza mayi ake za Loweruka. Atachoka, Latifa anakoka tizingwe titatu, n'kuthamanga nato m'nsonga ya chitenje.

Rajabu pobwera ku Zomba masana anapeza mayi ake atakhala pa khonde miyendo atatambasula, patsogolo pawo pali mbale yachitsulo. Latifa anali pambali, maso pansi ngati mkwatibwi.

"Khala pansi," anatero a Mwanabibi. "Ndinkadabwa ine. Mwana amene ndinamulera ndekha, wosaphonya mapemphero a Ijuma ku mzikiti, lero n'kumati ndikufuna wa ku tchalitchi, ndipo ndikamuletsa sadya. Ndinkati ndi chikondi. Taona chikondi chakecho."

M'mbalemo munali timatumba titatu takuda ndi dothi, tosokedwa bwinobwino mbali zonse. Kamodzi anali atakang'amba. M'kati munali kaufa kofiirira, koyanga tiulusi toyera.

"N'chiyani ichi, amayi?"

"Ukufunsa ine? Zithumwa, mwana wanga. Kondaine. Wakukwirira kudambo ngati mtembo. Tayang'ana chomangiracho."

Rajabu ananyamula kachingwe kamodzi n'kukapukuta ndi chala. Anakazindikira nthawi yomweyo. Inali nsalu ya jezi yake yofiira ya mpira, imene anaisiya kwa Rachel chaka chatha itang'ambika kukhwapa. Panalibe chokayikitsa, chidutswa cha nambala yoyera chinkaonekabe.

"Ndinamuona ndi maso angawa," Latifa ananong'ona. "Anagwada, akutchula dzina lanu. Zilipo zambiri, Che Rajabu, dambo lonse ndi tizingwe tokhatokha. Ine sindikufuna kupasula za eni, koma ndinachita mantha."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero a Mwanabibi, "m'kati muli nyerere. Mjomba wako sapita kulikonse Loweruka ngati zinthu izi zikadali pansi."

Rajabu sanadye. Anakhala kuseri kwa nyumba n'kulemba pa foni: *Tikumane pa mlatho. Panopa.*

Yankho linabwera msanga: *Wandisowa kale? Ndikubwera.* Panali ndi kamtima kumapeto. Anakayang'ana kamtimako nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzifunsa ngati chimene ankamva m'chifuwa chinali chakechake.

*

Rachel anafika akumwetulira, koma ataona kathumba m'dzanja la Rajabu kumwetulirako kunazima.

"Wakatenga kuti?"

"Ndiye ukukadziwa."

"Raja, ndani wafukula? Angati afukula? Mayo ine!" Anakalanda n'kukafumbata ngati kamwana ka nkhuku. "Kauma kale."

"Ukulirira chithumwa pamaso panga?"

"Chithumwa?" Rachel anamuyang'ana, kenako anamvetsa, natsamira chitsulo cha mlatho. "Iwe ukuganiza kuti ndinakudyetsa mankhwala? Ine?"

"Ndiuze kuti n'chiyani."

"Ndi njere za chikande. Mvetsera, ndikupempha. Njere ya chimanga imabadwa ndi kamba wake, n'chifukwa chake imamera ngakhale pa chiguduli chonyowa. Ya chikande ilibe kanthu m'mimba, ndi fumbi chabe. Ikagwa pansi imadikira bowa wina wokhala m'dothi, osati wa ndiwo uja ayi, tiulusi toyera basi. Tiulusito tikaipeza timalowa m'kati n'kumaidyetsa mpaka itatulutsa tsamba. Popanda bowayo siimera, ungathirire bwanji. Ndipo bowayo sapezeka paliponse, amakhala pomwe pali chikande chakale. N'chifukwa chake ndinakwirira pamalo a amayi. Ndi mwana wamasiye, Raja, amafuna womuyamwitsa. Ine ndikudziwa mmene zimakhalira."

Rajabu anayang'ana kathumbako. Ankafuna kukhulupirira, Mulungu ndi mboni.

"Nanga jezi yanga ikufunanji kumeneko?"

"Inali yosasokeka, iwe wemwe unati nditaye. Nsalu yake siola m'dothi, ndipo kufiira kumaoneka mu udzu." Anazengereza, kenako anapitiriza motsitsa mawu. "Komanso ndinkafuna kanthu kako kakhale pamalo a amayi anga. Anapita asanakuone."

Mawu amenewa akanafewetsa mwala. Koma kwa munthu amene khutu lake lathiridwa kale ululu, anamveka ngati kuvomera mlandu.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ukanawauza amayi ako, ndipo mawa lake kukanafika makasu."

"Ndiye amayi anga ndi akuba?"

"Sindinatero."

"Chabwino. Ngati ndi njere, tiye tikafukule zonse, tikawaonetse, nkhani ithe. Loweruka mjomba abwere."

"Sindingathe. Zikatuluka m'dothi nthawi isanakwane zifa zonse, ndipo njere zina ndilibe. Mayi a ku koleji amene anandiphunzitsa zimenezi abwera mvula ikatha, adzawafotokozera okha. Dikira pang'ono chabe."

"Ukwati wathu udikire udzu?"

"Ukundipempha ndiphe chimene amayi anga anandisiyira kuti amayi ako andikhulupirire. Nanga iweyo? Iweyo ukundikhulupirira?"

Funso limenelo linkafuna liwu limodzi lokha. Koma Rajabu anangotembenuka. Analiza njinga n'kumusiya Rachel pa mlatho, kathumba kouma kali m'manja, misozi ikugwera pa mpango wa chikole.

*

Mapanga awiri avumbwitsa. Rajabu anaganiza kuti wapeza nzeru yosangalatsa onse: akafukule yekha timatumbato, mayi ake akhutire, Rachel akwiye sabata imodzi, kenako akhululuke. Udzu ndi udzu, unamera dzana udzameranso mawa. Umo ndi mmene anadzinamizira.

Lachisanu m'mawa ananyamuka, Latifa ali patsogolo kulondolera njira, a Mwanabibi pambuyo ndi machesi. Chimene Rajabu sanachiwerengere n'chakuti mayi ake anaitananso amayi awiri a pa doko kuti akhale mboni, ndipo amayi a pa doko sapita kutchire opanda khasu.

Atang'amba tsekera, onse anaima. Kadamboko kanali kakang'ono, kosaposa bwalo la nyumba, koma maluwa a chikande anali mbwee, ena oyera ena ofiirira, ataima pa timapesi tawo, mame akadali pamwamba. Pakati pawo tizingwe tofiira tinkasuzumira mu udzu.

"Chikande chonsechi!" anafuula mmodzi wa amayi aja. "Ine ndinachiona komaliza chotere ndili namwali."

"Yamba iwe," a Mwanabibi anauza mwana wawo. "Chomangidwa pa iwe umasule wekha."

Rajabu anawerama n'kuyamba kukoka. Kathumba kalikonse kankatuluka ndi kaphokoso kofewa, ngati dothi likukaniza. A Mwanabibi anakoleza moto wa tsekera wouma n'kumaponyamo kamodzikamodzi, akupemphera chapansipansi. Neti inkanyala, fungo la pulasitiki n'kumakwera.

Atatembenuka, anaona makasu ali m'mwamba.

"Amayi, ayi! Tabwerera timatumba tokha!"

"Dambo ndi la Mulungu, bambo," anayankha mmodzi osaimika khasu. "Tisiye ndiwo pano kuti adye ndani?"

Anayesa kugwira khasu la uyu, la uyo n'kumagwa. Latifa naye anali atagwada, akuzula ndi manja n'kumaponya m'thumba la feteleza. Sipanatenge nthawi. Pamene panali maluwa panatsala mabala akuda, timapesi titagona chagada m'matope.

M'dzanja la Rajabu munatsala kathumba kamodzi. Sanakaponye pamoto. Anapita pa kachithaphwi, nakatsuka bwinobwino kuti aone chimene chinali m'kati, n'kukang'amba ndi mano. Munalibe tsitsi, munalibe zikhadabo, munalibe chilichonse cha zimene anthu amanena. Munali timibulu toyera tonga misere ya mpunga, tokhala ndi ubweya wosalala, ndipo kamodzi kanali katatulutsa kansonga kobiriwira, kochepa kuposa diso la singano.

Anayang'ana kansongako, nayang'ana moto, nayang'ana dambo. Pomwepo anadziwa kuti wapha chinthu chimene sichinamulakwire.

*

Rachel anamva nkhaniyi pa mjigo, chifukwa amayi a pa doko aja anadutsa pomwepo akuyamikira mwayi wawo. Anataya ndowa n'kuthamangira kuphiri. Atabwerako sanalire mokweza. Anakhala pa khonde la amalume ake, matope ali m'mawondo, akuyang'ana pamodzimodzi.

Rajabu anafika dzuwa litapendeka. A Fanuelo, amene ankasoka mkeka pansi pa mtengo wa mango, sanamupatse mpando.

"Mwabwera kudzafukulanso chiyani, achimwene? Manda a mlongo wanga ali uko, ngati mukufuna kumalizitsa."

"Ndalakwa, amalume. Ndiloleni ndilankhule naye."

"Mwana uyu ndamulera ine. Lero mudzi wonse ukuti ndi wamankhwala. Pepani sapoletsa chilonda." Anabaya singano mu mkeka mwamphamvu, koma sanamuthamangitse.

Rajabu anagwada patsogolo pa Rachel n'kutulutsa kathumba kaja m'thumba la malaya.

"Unkanena zoona. Taona, zinamera."

Rachel analandira ndi manja awiri. Ataona timibulu tija, anatiyandikitsa kumaso.

"Zinamera," ananong'ona. "Amayi, zinamera." Chaka chonse anadikira kuti aone chimenechi, ndipo anachiona chitafota kale. Anakweza maso. "Dothi lake lili kuti?"

"Ndinatsuka. Ndimafuna ndione bwino."

"Unatsuka." Anaseka kuseka kowawa kuposa kulira. "Wachotsa mwana kubere, wamuyendetsa padzuwa tsiku lonse m'thumba la malaya, ndiye wabwera kudzandionetsa kuti anali wokongola."

"Rachel, ndiuze chochita. Chilichonse."

"Ndinakuuza chochita pa mlatho paja. Ndinati dikira." Anavula mpango wobiriwira kumutu, naupinda mosamala, n'kuuika pa mawondo a Rajabu. "Ndikanapirira amayi ako. Ndikanapirira Latifa. Koma tizingwe tija unakoka ndiwe."

Rajabu anagwira mpangowo ngati ukutentha. Madzi akatayika saoleka, koma munthu womira amagwira ngakhale thovu.

"Nanga timbatata tomwe akumba tija? Tikatibwezera pansi sitingaphuke?"

Rachel anakweza mutu.

"Ngati sanatitsuke. Ngati tikadali ndi dothi lake, n'kubwerera pamalo pomwepo lero dzuwa lisanalowe, bowa uja akadalimo. Tina tingapulumuke. Koma amayi ako satenga nthawi, pofika pano tili mu mtondo."

Asanamalize n'komwe, njinga inali italira kale.

*

Anapeza thumba lija lili pa khonde, losamasula. A Mwanabibi anali atagula gawo la amayi awiri aja, ndipo Latifa anali akutunga madzi otsukira m'beseni lalikulu. Mtondo unali utatsukidwa kale, nsinjiro zili m'lichero.

"Amayi, musatsuke! Ndipatseni thumbalo."

A Mwanabibi anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala pamwamba pa thumba.

"Ukufuna upite nalo kuti?"

"Sizinali zithumwa, amayi. Ndaona ndi maso anga, zinali mbewu. Tamulakwira mwana wa eni. Ndikufuna ndikabwezere pansi."

"Wamumva, Latifa? Tawotcha zonse koma akulankhulabe za yemweyo. Mankhwala ake ndi amphamvu." Anapukusa mutu, ndipo m'maso mwawo munali misozi yeniyeni, chifukwa mayiwa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa mwana wawo. "Kaya ndi mbewu kaya n'chiyani, mkazi wokwirira chovala cha mwamuna kutchire sadzalowa pakhomo pano."

Rajabu anatambasula dzanja kuti agwire kukamwa kwa thumba. Mayi ake anagwira pachifuwa pawo.

"Undikankhe. Kankha bere lomwe unayamwa, tione kumene ukafike."

Dzanja linabwerera lokha. Mako ndi mako, ndipo palibe mnyamata wa ku Kachulu amene angakoke thumba mayi ake atalikhalira. Anayang'ana kumadzulo. Dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza phiri la Zomba.

"Ndikugwadirani, amayi. Ndigula, nenani mtengo."

"Sindikugulitsa." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Koma ndikhoza kukupatsa. Mjomba wako wakonza kale mkanjo wake, akuyembekeza ulendo wa mawa. Muimbire pano, ine ndikumva. Umuuze kuti asapitenso kwa a Fanuelo, apite kwa makolo a Latifa, lero lomwe. Ukatero nyamula thumba lako, ukamupatse mtsikanayo udzu wake, musiyane mwamtendere. Ukakana, Latifa thira m'madzi."

Latifa anayandikitsa beseni. Sanayang'ane Rajabu kumaso.

Rajabu anaima pakati pa bwalo, mpango wobiriwira ukusuzumira m'thumba la buluku. Akakana, chikande cha mayi a Rachel chisanduka ndiwo za pa doko mawa m'mawa, ndipo Rachel sadzamuyang'ananso. Akavomera, ankhoswe akangolandirana mawu, kubweza n'kunyozetsa mabanja awiri. Njira zonse ziwiri zinkamulanda Rachel. Imodzi yokha ndiyo inkamusiyira Rachel kanthu.

Anatulutsa foni. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

"Mjomba, ndine Rajabu. Ulendo uja wasintha."

*

Anamupeza Rachel ali kale kudambo, akusalaza mabala a makasu ndi manja, chifukwa sanadziwe kwina kopita ndi chisoni chake. Ataona thumba pamsana pa Rajabu anaimirira. Anamasula, napisa dzanja, natulutsa kambatata kali ndi chibuma chake chakuda.

"Sanatsuke," anatero. "Raja, sanatsuke!"

Anagwira ntchito osalankhula zambiri. Rachel ankaloza dzenje, Rajabu n'kuikamo, Rachel n'kukwirira n'kutsendera ndi chikhato. Tina tinali titatemedwa pakati, ndipo ankatiika pambali. Tambiri tinali tamoyo. Pa kena Rachel anamuonetsa tiulusi toyera tokangamira ku mizu.

"Ndi ameneyu," anatero. "Wosaoneka, wosatchuka, koma popanda iye palibe chimera. Zikachita maluwa chaka chamawa ndidzatolanso njere. Ndiyambiranso."

"Uyambiranso," anavomera Rajabu, osakweza mutu.

Atakwirira komaliza, kuwala kunali kutatsala pang'ono. Rachel anakhala pa udzu n'kumuyang'ana mnyamatayo, matope mpaka m'zigongono, maso ofiira. Mkwiyo wake unali utatopa. Chikondi sichimva kuti mlandu sunathe, chimangobwerera ngati galu wa pakhomo.

"Sindikudziwa kuti wawauza chiyani amayi ako kuti akupatse thumbali," anatero. "Ndikudziwa kuti sizinali zophweka."

"Rachel..."

"Ndisiye ndimalize. Zomwe wandichita lero zidzandiwawa nthawi yaitali, sindikunamiza. Timatumba tija sitidzabweranso. Koma wabweza amayi anga pamalo pawo." Anatambasula dzanja n'kusolola mpango wobiriwira m'thumba la buluku lake, naumanganso kumutu. "Amalume ndilankhula nawo ndekha usiku uno. Ndi aukali pakamwa pokha. Uwauze a mjomba abwere mawa monga tinapangana."

Rajabu anaweramitsa mutu. Misozi inatsika, ndipo Rachel, poganiza kuti ndi ya chimwemwe, anaipukuta ndi nsonga ya mpango.

Pomwepo foni inalira m'thumba la malaya a Rajabu, kulira kwa uthenga, kenako kachiwiri.

"Mwina ndi a mjomba omwewo," anatero Rachel akumwetulira koyamba tsiku limenelo. Anapisa dzanja m'thumbamo n'kuitulutsa. Pagalasi pankawala dzina la Latifa, ndipo pansi pake mawu oyamba a uthengawo ankaoneka: *A mjomba tawalandira, Che Rajabu, makolo anga avomera. Kuno ndi nthungululu zokhazokha...*

Rachel sanayang'ane pagalasipo msanga. Maso ake anali akadali pa Rajabu.

"Manja ako ali ndi matope," anatero. "Ima, ndikuwerengere."